Miyezi itatu imene mayi anandisiya ku Chileka

Pansi pa bedi la mayi anga kwathu ku Chileka pali bokosi lachitsulo limene silitsegulidwa kawirikawiri. December wathayu, tikukonza m'nyumba kudikira alendo a Khirisimasi, ndinalikoka n'kulitsegula. Munali mabuku a MIITEP, zikuto zitathothoka, m'mphepete mwa masamba mutadzaza zolemba za bolopeni. Ndinafunsa kuti bwanji osangowataya, poti ntchito yake inatha kalekale. Mayi anaseka n'kunena kuti, "Usawaderere amenewo. Ndi amene anandichititsa kukusiya kwa agogo ako uli ndi chaka chimodzi."

Mu 1998 mayi ankaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Lirangwe, alibe satifiketi ya uphunzitsi. Ataitanidwa ku koleji, anandibereka, kukwera minibasi mpaka pa Kameza, kukweranso ina ya ku Chileka, n'kukandisiya kwa agogo. Iwo anapita kukagonera ku koleji miyezi itatu. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti gawo lalikulu la maphunziro awowo linali la patali, lowerenga uli kwanu. Nanga kugonerako kunali kwa chiyani? Funso limeneli linandipangitsa kuwerenga mbiri ya maphunziro otere m'dziko muno, ndipo ndapeza kuti chiyambire, Amalawi ophunzira patali akhala akufuna pokumanira.

Tiyambe mu 1965. Dziko linali litangolandira ufulu chaka chapitacho, sukulu za sekondale zinali zowerengeka, ndipo ana ambiri omaliza pulayimale ankasowa malo. Boma linatsegula Malawi Correspondence College ku Blantyre, imene anthu ankangoti MCC. Ganizo lake linali losavuta. Wophunzira alembetse, alandire timabuku pa positi, awerenge kunyumba, atumize mayankho kuti akachongedwe, kenako adzalembe mayeso a boma pamodzi ndi anzake a ku sekondale. Timabuku timeneti ankatitcha ma seti. Mu 1973 kolejiyi inaphatikizidwa ndi nthambi youlutsa maphunziro a sukulu pa wayilesi, ndipo mu 1987 inasintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE ija imene makolo athu amaitchula mpaka lero.

Papepala, wophunzira wa MCC anali munthu wokhala yekha pa mkeka ndi seti yake. Koma taganizani mnyamata wa zaka 15 m'nyumba yopanda magetsi, koloboyi ali ndi parafini wongokwanira ola limodzi, seti yonse ndi ya Chingerezi, m'mudzi mulibe womufunsa. Malume anga anayamba choncho. Amati seti yoyamba ya masamu anakhala nayo sabata ziwiri osadutsa tsamba lachitatu.

Ndiye m'madera ambiri munabadwa malo oti ophunzira azikumanirapo. Pena makolo ankaumba njerwa n'kumanga, pena ankabwereka tchalitchi kapena makalasi a pulayimale ana akaweruka. Boma linkatumizako aphunzitsi a pulayimale kuti aziyang'anira: kugawa ma seti, kutsegula wayilesi nthawi ya phunziro, kuthandiza pamene pavuta. Koma ana adzaza m'chipinda, bolodi lili pomwepo, choko chili m'manja mwa mphunzitsi, mukuganiza kuti zikanatha bwanji? Woyang'anira uja anayamba kuphunzitsa basi. Ana ochokera kutali anayamba kuchita lendi tinyumba pafupi, kumadziphikira okha. Pofika m'zaka za m'ma 1990, ophunzira a m'malo amenewa anachuluka kuposa a m'sukulu za sekondale zimene anthu ankachita kusankhidwira. Mu 1998 boma linangovomereza zimene aliyense ankaona kale, n'kusintha malowa kukhala Community Day Secondary Schools.

Tisanamizane, zinthu sizinali bwino kwambiri. Mabuku anali ochepa, aphunzitsi anaphunzitsidwa za pulayimale, ndipo pa MSCE ankakhoza ochepa zedi. Komabe ngati munaphunzira pa CDSS yakale, n'kutheka kuti maziko a kalasi yanu anakumbidwa ndi makolo amene ankangofuna pokhalira ana awo ophunzira pa positi.

Nkhani ya mayi ikuyambira mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Chiwerengero cha ana chinadumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Aphunzitsi sakanakwana, choncho boma linalemba anthu masauzande amene anali ndi JCE kapena MSCE, kuwaphunzitsa kwa masabata ochepa, n'kuwaponya m'kalasi. Mayi anali m'gulu limenelo. Kuti anthuwa apeze satifiketi osasiya makalasi opanda mphunzitsi kwa zaka ziwiri, mu 1997 kunayamba Malawi Integrated In-service Teacher Education Programme, MIITEP. Gulu lililonse linkagonera ku koleji teremu imodzi, kenako n'kubwerera ku sukulu zawo pafupifupi miyezi 20, akuphunzitsa, akuwerenga mabuku aja ndi kulemba ntchito. Pakatipo ankayenera kumakumana pa zoni ndi alangizi a maphunziro, ma PEA. Kumapeto ankabwereranso ku koleji kwa mwezi umodzi kukakumbutsana ndi kulemba mayeso.

Ndinafunsa mayi chimene amakumbukira pa zonsezi. Sanatchule buku ayi. Anatchula usiku wina mu hositelo. Mu phunziro la Foundation Studies munali psychology, maphunziro a maganizo ndi kakulidwe ka mwana, ndipo dzina limene linkazunguza aliyense linali Jean Piaget wa ku Switzerland. Piaget anaonetsa kuti mwana wosafika zaka pafupifupi 7, ukamuonetsa madzi ofanana m'makapu awiri, kenako n'kuthira ena m'botolo lalitali lopyapyala, amanena kuti m'botolomo madzi achuluka, ngakhale waona ndi maso ake kuti sunawonjezere. Mayi amati analoweza ndimeyo ngati vesi la Sande sukulu koma mumtima sankakhulupirira. Mwana angapusitsidwe ndi botolo?

Mnzawo wina wa m'chipinda, mayi wachikulire amene anali atalera ana asanu, ananena kuti tiyeni tingoyesa. M'mawa mwake anaitana kamwana ka zaka zinayi ka wogwira ntchito wina pa kolejipo, anatenga makapu awiri ndi botolo la Fanta. Kamwanako kanaloza botolo mosakayika. Anabwereza, kanalozanso botolo. Anayesa mkulu wake wa Sitandade 4, iye anawaseka n'kuti madzi ndi omwe aja. Mayi amati tsiku limenelo ndi pamene anamvetsa chifukwa chake ana awo a Sitandade 1 ankaumirira kuti timiyala titamwazika ndi tambiri kuposa timiyala tomweto titaunjikidwa. Atabwerera ku Lirangwe anasiya kuwakalipira pa nkhani imeneyo.

Ndili ku yunivesite ndinakumana ndi dzina lina, Lev Vygotsky wa ku Russia, amene anamwalira mu 1934 ali ndi zaka 37 zokha. Iye anati pali zinthu zimene wophunzira angachite yekha, ndipo pali zina zimene angachite pokhapokha wina wodziwa kuposa iye atamugwira dzanja. Kuphunzira kwenikweni kumachitika pakati pa ziwirizi. Seti siikuona pamene wakodwa, ndipo wayilesi siibwereza chifukwa iwe wakwinya nkhope. Mayi wachikulire uja ndi botolo lake anachita zimene buku silikanatha.

Sukulu za CDSS zitabwera, vuto la aphunzitsi linasamukira ku sekondale, ndipo yankho linali lomwe lija. Kuyambira mu 2000, Domasi College of Education, mothandizidwa ndi dziko la Canada, inayamba kuphunzitsa dipuloma kwa aphunzitsi a m'ma CDSS ali pa ntchito. Ankawerenga ma module kwawo, sukulu zikatsekera n'kunyamula zikwama kukagonera ku Domasi. Mzuzu University itayamba kulandira ophunzira a ODL mu 2011, nayonso inaika nthawi yoti anthu azikumana maso ndi maso ndi aphunzitsi awo.

Mwina wina anganene kuti izi zinali chifukwa cha umphawi wathu, positi yochedwa ndi kusowa kwa magetsi. Koma onani ku Britain. Open University inakhazikitsidwa mu 1969 n'kulandira ophunzira oyamba pafupifupi 25,000 mu 1971. Iwo anali ndi maphunziro pa TV ndi wayilesi ya BBC, positi yodalirika, magetsi m'nyumba. Komabe maphunziro ambiri anali ndi sabata imodzi yokagonera pa yunivesite ina nthawi ya tchuthi. Ophunzira psychology ankagwiritsa ntchito sabata imeneyo kukonza kafukufuku m'timagulu, kumuchita pa anthu enieni, n'kukangana za zimene apeza. Kuwonjezera apo, ophunzira eni ake, kudzera m'bungwe lawo la Open University Psychological Society, akhala akukonza ma weekend okagonera pa University of Warwick kuti akakumbutsane mayeso asanafike. Anthu a zonse zokwanira ankalipira ndalama zawo kuti akhale m'chipinda chimodzi kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu.

Kukumanaku kuli ndi mtengo wake, ndipo ine ndine mmodzi mwa amene anaulipira. Agogo amati sabata yoyamba ndinkalira usiku wonse. Ndinasiya kuyamwa nthawi isanakwane. Mayi atabwera kudzandiona patapita mwezi, ndinawathawa n'kukabisala kuseri kwa chitenje cha agogo, ndipo mpaka lero akamafotokoza pamenepa mawu amawathera pakhosi. Iwo anali ndi mwayi woti amayi awo anali moyo ndiponso amphamvu. Mayi wopanda womusiyira mwana, kapena bambo amene akachoka munda ukhala osalimidwa, miyezi itatu yoteroyo ikhoza kumulepheretsa sukulu yonse.

N'chifukwa chake ndimamumvetsa msuweni wanga, mwana wa malume a seti ya masamu aja. Iye akuphunzira digiri ya uphunzitsi mwa ODeL pa yunivesite ina, ndipo chimene chimamupweteka mutu ndi masabata okumana aja: thiransipoti, lendi ya kachipinda, chakudya, kupempha tchuthi ku ntchito. Amati zonse zili pa foni, manotsi amabwera pa WhatsApp, bwanji osangothetsa zoyendazo? Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, tonse tinaona kuti zambiri zimathekadi pa intaneti. Tinaonanso bandulo ikutha phunziro lili pakati, netiweki ikuthawa, ndi magulu a WhatsApp a anthu 200 mmene amalankhula ndi anthu asanu okhaokha, ena onse akungowerenga chamumtima, akuchita manyazi kufunsa.

Ine ndikuona kuti mbiriyi ikutiuza kuti kuthetsa kukumana sikungagwire, chifukwa ophunzira adzapezabe pokumanira okha monga anachitira makolo a nthawi ya MCC. Chimene tingasinthe ndi mtunda ndi kutalika kwa nthawi. MIITEP inali ndi ganizo labwino la kukumana pa zoni, ndipo ma TDC alipobe. Loweruka ndi Lamlungu makalasi a ma CDSS ku Lirangwe, ku Lunzu ndi kuno ku Chileka amakhala otseka. Mphunzitsi mmodzi wa ku yunivesite atakwera minibasi kudzakumana ndi ophunzira 30 kwa masiku awiri, n'zotchipa kusiyana ndi anthu 30 kupita kwa iye kwa masabata angapo, ndipo palibe mwana wa chaka chimodzi amene angasiyidwe miyezi itatu.

Pa Khirisimasi paja msuweniyo analipo, ndipo anadandaula kwa mayi za module yake ya psychology, kuti Piaget sakulowa m'mutu. Anati, "Azakhali, ndawerenga katatu pa foni koma ndikungoloweza." Mayi sanayankhe. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makapu awiri ndi botolo, kenako anatuma mwana kuti akaitane kamdzukulu ka aneba kamene kankasewera pa mpanda.