Chintheche: gombe lomwe linkatumiza anthu kutali lisanayambe kulandira alendo

Chintheche ndi tauni yaing'ono ya m'mbali mwa nyanja ya Malawi, m'boma la Nkhata Bay, pamsewu wa M5, pafupifupi makilomita 40 kummwera kwa doko la Nkhata Bay. Lachisanu madzulo magalimoto ochokera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amatsikira kumeneku ndi anthu odzapuma masiku awiri: kudzasamba pamchenga woyera, kudya batala wowotcha, kugula ziboliboli ndi kuyenda m'tinjira ta m'midzi. Chizolowezi chimenechi n'chadzulodzulo. Kwa zaka pafupifupi 100, Chintheche inkadziwika ngati malo ochokerako anthu opita kutali kukafuna ntchito, ndipo zambiri zomwe mlendo amadya, kuona ndi kupondapo lero zinaumbidwa ndi mbiri imeneyo.

Eni dera ndi Atonga a m'mbali mwa nyanja. Pakati pa zaka za m'ma 1800, Angoni a M'mbelwa atakhazikika kumtunda, kudera lomwe lero ndi Mzimba, ankatsika mapiri a Viphya kudzalanda chakudya ndi kutenga achinyamata. Atonga anasiya timidzi tawo tobalalika n'kusonkhana m'malinga akuluakulu pafupi ndi madzi. Linga la mfumu Mankhambira linali cha kumtsinje wa Chintheche, la mfumu Marenga linali ku Bandawe. M'zaka za m'ma 1870, Atonga omwe anakulira m'manja mwa Angoni anagalukira ambuye awo n'kuthawira kwa Mankhambira. Angoni anawalondola, koma anakagonja pamtsinje wa Chintheche. Othawawo anali ataphunzira kumenya nkhondo ya chishango ndi nthungo m'magulu a Angoni omwewo, ndipo luso limenelo analibweza kwa eni ake.

Moyo wa m'linga unkayenerana ndi chinangwa. Mbewuyi imadzisunga yokha m'nthaka kwa nthawi yaitali, siifuna nkhokwe yoti adani n'kuitentha, ndipo imabereka ngakhale m'dothi lamchenga. Mpaka lero chakudya chenicheni cha kuno ndi kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa. Amayi amakumba chinangwa, kuchisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti chifewe ndi kuchoka ululu wake. Akachivuula amachiyanika padzuwa, kenaka n'kusinja. Fungo la chinangwa choviika ndilo limayamba kulonjera munthu wolowa m'mudzi wa Chitonga. Kondowole ndi yolemera ndi yonanda, yofuna dzanja lamphamvu pophika, ndipo saphika mumphika waukulu nthawi imodzi monga amachitira ndi nsima ya chimanga. Ndiwo zake ndi chigwada ndi nsomba: usipa, utaka, kampango, chambo, ndi batala wamafuta uja yemwe anthu a m'tauni amamufunsa asanatsike n'komwe m'galimoto. Palinso nkhungu, tizilombo touluka totuluka m'nyanja ngati utsi. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi amatikola ndi madengu, kutiumba timitanda n'kutiyanika kuti tikhale ndiwo. Malo ambiri ogona alendo amakonda kuphika chambo ndi tchipisi, choncho wofuna kondowole yeniyeni amaipeza m'timalesitilanti ta pamsika kapena pakhomo pa munthu.

Mu 1881, Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear, komwe malungo anali atapha anzake angapo, kubwera nayo ku Bandawe, makilomita owerengeka kummwera kwa Chintheche. Mafumu a Atonga anawalandira azunguwo poyembekezera kuti adzakhala chishango pakati pa iwo ndi Angoni. Amishoni anakana kumenya nkhondo, koma anatsegula njira yokwera kumtunda, ndipo William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, anakakhala ku Njuyu pakati pa Angoni, omwe chilankhulo chawo ankachimva. Malungo sanawasiye ku Bandawe. Manda a amishoni omwe ali pakaphiri ka Makuzi ndi umboni wake, ndipo mu 1894 Laws anasamutsiranso likulu kuphiri la Khondowe, komwe kuli Livingstonia ya lero. Bandawe inatsala ngati siteshoni, koma sukulu zake zinali zitagwira kale mizu. Atonga anathamangira maphunziro mwachangu chomwe sichinaoneke m'madera ambiri a dziko lino panthawiyo.

Sukulu inapatsa anthu luso lomwe kwawo kunalibe poligwiritsira ntchito. Kuyambira m'zaka za m'ma 1880, kampani ya African Lakes inkalemba Atonga ntchito ya mtengatenga ndi ya m'sitima zapanyanja, ndipo ena anakamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Mlozi ku Karonga. Boma la atsamunda litabweretsa msonkho wa nyumba, ulendo unatalika: ku Halale, ku Bulawayo, ku Joni, kenaka kumigodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia. Chifukwa chodziwa kulemba ndi kuwerenga, Atonga ambiri ankapeza ntchito ya ukalaliki, ukapitawo, ya m'chipatala ndi ya m'mahotela. Ofesi ya boma la West Nyasa inakhala ku Chintheche zaka zambiri, atsamunda n'kumalemba dzinali kuti Chinteche, isanasamukire ku Nkhata Bay komwe kuli doko labwino. Jaap van Velsen, yemwe anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950 n'kulemba buku la The Politics of Kinship lomwe linatuluka mu 1964, anapeza midzi yomwe amuna ake ambiri anali kunja, amayi ndiwo akusamala minda ya chinangwa. Ena ankabwerako ndi masuti, njinga ndi makina osokera. Ena anasanduka matchona, osabweranso.

M'midzi yomweyi munatuluka anthu omwe anagwedeza maboma. Elliot Kenani Kamwana, yemwe anaphunzira ku Bandawe ndi ku Livingstonia, anakumana ndi mmishonale Joseph Booth ku Cape Town n'kubwerera kwawo mu 1908 ndi uthenga wa Watch Tower. Mishoni inkadikiritsa munthu zaka m'kalasi asanabatizidwe. Kamwana ankabatiza popanda kudikira koteroko, akulalikira kuti ulamuliro wa dziko lino udzatha mu 1914 pamodzi ndi msonkho wake. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000. Boma linamuchotsa m'derali mu 1909, pambuyo pake linamutumiza kuzilumba za m'nyanja ya Indian, ndipo anabwerera kwawo mu 1937. Clements Kadalie, wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, anayambitsa bungwe la anthu apantchito la Industrial and Commercial Workers' Union ku Cape Town mu 1919, lomwe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Mbusa Yesaya Zerenji Mwasi, mmodzi mwa abusa atatu oyamba achikuda omwe Livingstonia inadzoza mu 1914, anachoka mumpingowo mu 1933 n'kuyambitsa wake wa Blackman's Church. N'zomvetsa chisoni kuti mlendo angathe kugona pagombeli mausiku awiri n'kubwerera osamvako dzina ngakhale limodzi mwa mayina amenewa.

Luso lalikulu la kuno nalonso ndi mwana wa maulendo. Malipenga anabadwa kuchokera ku perete wa asilikali omwe anthu anaona ndi kuchita nawo pankhondo yoyamba ya dziko lonse. Gulu la ovina limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi maudindo ake monga mfumu, akuluakulu a asilikali ndi dokotala. Ovina amavala akabudula ndi malaya ochapa bwino ndi osita, masokosi aatali ndi nsapato zopukuta, ndipo amaponda mwaulemu, mosathamanga, ng'oma yaikulu ikutsogolera. Malipenga enieniwo ndi zikho zouma zomwe kukamwa kwake amamatako kanembanemba ka kangaude kuti mawu azinjenjemera. Ukhondo ndi kutchena, zomwe Atonga amatchuka nazo m'dziko muno, zimaonekera poyera m'guleyu. Atsikana ndi amayi ali ndi chilimika, gule wa nyengo ya chaka chatsopano, ndipo palinso honala, yemwe amavina atavala masuti motsogozedwa ndi akodiyoni. Magulewa ali ndi nyengo yake: malipenga amamveka kwambiri m'chilimwe anthu atapepukidwa kumunda, pomwe maboma a midzi yosiyana amayenderana kukapikisana.

Dziko litalandira ufulu, Chintheche inatsala pang'ono kukhala tauni ya mafakitale. Kuyambira mu 1964 boma linabzala mitengo ya paini yochuluka ku Chikangawa pamapiri a Viphya, mpaka nkhalangoyo inafika mahekitala pafupifupi 53,000, ndi cholinga choti mitengoyo izidyetsa fakitale ya zopangira mapepala yomwe inkayenera kumangidwa ku Chintheche, pafupi ndi madzi. M'zaka za m'ma 1970 malo anapatulidwa ndipo mabanja ena anasamutsidwa. Fakitaleyo sinamangidwe. Ndalama zofunika zinali zambiri, ulendo wokafikitsa katundu kumadoko a kunyanja yamchere unali wautali, ndipo panali mantha oti zonyansa za m'fakitale zidzaononga nyanja ndi nsomba zake. Omwe ankayembekezera ntchito anakhumudwa, ndipo omwe anasamutsidwa anataya malo popanda phindu lomwe analonjezedwa. Komabe kulephera komweko ndiko kunasiya madzi oyera ndi gombe labata lomwe lero likukopa alendo.

Msewu wa m'mbali mwa nyanja utaikidwa phula, alendo anayamba kuchuluka. Chintheche Inn, yomwe poyamba inali ya boma, inapita m'manja mwa kampani, ndipo malo ena ogona anamera kuyambira ku Chintheche kutsika mpaka ku Makuzi ndi ku Kande. Ku Kande kunatchuka ndi malole aakulu onyamula achinyamata a ku Ulaya ndi ku Australia oyenda pakati pa Nairobi ndi Cape Town, omwe ankaima masiku awiri kapena atatu pagombe. Msika wa ziboliboli unakula chifukwa cha iwowa. Anyamata anamanga timisasa m'mbali mwa misewu yolowera kumalo ogona, n'kumasema mipando ya mafumu ya matabwa awiri olowetsana, mabawo, mitu ya anthu, njovu ndi timakiyi tolembedwa dzina la wogula, ena n'kumajambula asodzi ndi mabwato pansalu. Mitengo yomwe amaikonda ndi mlombwa, mbawa ndi phingo, ndipo kusowa kwa mitengoyi kwachititsa kuti ena azisema mitengo wamba n'kuidetsa ndi polishi wa nsapato. Malonda ake ndi okambirana mtengo, nthawi zina osinthana ndi malaya kapena nsapato.

Dzina la Chintheche linamveka kunja kwenikweni mu 2004, pomwe Will Jameson wa ku Britain anachititsa chikondwerero choyamba cha Lake of Stars pa Chintheche Inn. Dzina la chikondwererochi amati linachokera kwa David Livingstone, poona nyali za asodzi zikuthwanima panyanja usiku, ndipo nyalizo zimaonekabe usiku uliwonse wabata asodzi a usipa akatuluka ndi ukonde wa chilimira. Chikondwererocho chinachitikira kuno zaka zingapo zoyambirira, kenaka chinasamukira ku Salima ndi ku Mangochi, n'kubweranso ku Chintheche mu 2016. Chinathandiza kuzoloweretsa achinyamata a m'mizinda ya Malawi kuti kunyanja ya kumpoto n'kofikika pakutha pa sabata. Malole a alendo akunja atachepa, makamaka m'nthawi ya Covid-19, anthu a m'dziko momwemuno ndiwo anasunga malo ambiri ogona: mabanja, magulu a kuntchito, misonkhano ya mabungwe ndi maukwati.

Njira zomwe alendo amayendamo wapansi sizinalambulidwe chifukwa cha iwo. Ndi tinjira ta amayi opita kuminda ya chinangwa, ta asodzi otsikira kudoko ndi ta ana asukulu. Yodziwika kwambiri ndi yopita ku Bandawe yakale, komwe kuli tchalitchi chachikulu cha njerwa cha nthawi ya amishoni, n'kukafika kumanda a pa Makuzi. Ku Kande kunatchukanso ndi mahatchi oyenda nawo m'midzi ndi m'nkhalango mpaka kukalowa m'madzi, ndiponso kachilumba komwe anthu amapitako pabwato kukaona nsomba za mbuna. Kumpoto, panjira ya ku Nkhata Bay, kuli nkhalango yowirira ya Mkuwazi yomwe okonda mbalame amaifuna, ndi munda wa mitengo ya mphira wa Vizara, komwe anyamata amagulitsa mipira yopota ndi mphira m'mbali mwa msewu. Mwambo wa m'midzi ukadalipo: wodutsa pakhomo pa munthu amapereka moni, ndipo wofuna kuona manda kapena malo akale amayamba wapempha kwa eni mudzi kapena akuluampingo.

Nyengo ndiyo imalamula ulendo. Boma la Nkhata Bay limalandira mvula yambiri kuposa madera ochuluka a dziko lino, motero miyezi yoyendera bwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ngakhale kuti pakati pa Juni ndi Ogasiti mphepo ya mwera imautsa mafunde oletsa mabwato kutuluka, nsomba n'kukwera mtengo. Wochokera ku Mzuzu amafika pasanathe maola awiri. Wochokera ku Lilongwe amadzera ku Salima, Nkhotakota ndi Dwangwa, ulendo wodya theka la tsiku, ndipo m'dzinja madzi osefukira amatha kudula msewu monga zinachitikira ku Dwangwa mu 2024. Chaka chomwecho nyanja inakwera kwambiri mpaka kumiza mbali ya mchenga m'magombe ambiri. Nkhawa ina ya anthu a m'midzi ndi malo: mpanda uliwonse watsopano wa malo ogona umachepetsa potsikira kukatunga madzi, pochapira ndi pokocheza mabwato. Nsomba nazonso zachepa, ndipo makomiti a asodzi, mothandizidwa ndi dipatimenti ya zausodzi ndi bungwe la Ripple Africa lomwe lili ku Mwaya pafupi ndi Chintheche, amalanda maukonde a udzudzu ogwirira tiana ta nsomba ndi kuteteza malo oswanirana chambo m'mphepete mwa gombe.