Ndege Zing'onozing'ono M'mbiri ya Machinga ndi Balaka

Mwana wa ku Ulongwe kapena ku Ntaja akamva kulira kwa ndege amasiya zonse zimene akuchita natukula maso kumwamba. Ndegeyo ikazimirira kuseri kwa mitambo, iye amabwerera ku mbuzi zake kapena ku mtondo wake, nkhani n'kuthera pomwepo. Kwa anthu ambiri a m'maboma a Machinga ndi Balaka, ndege ndi chinthu chongodutsa, cha eni ake, chopita kwina. Komatu mbiri ikusonyeza kuti ndege zakhudza moyo wa anthu a m'maboma awiriwa koposa mmene ambiri amaganizira. Ndege zimene zagwira ntchito kumeneku ndi zing'onozing'ono, zotha kutera pa mabwalo a fumbi ndi udzu. Pa mabwalo otere ndi pamenenso oyendetsa ndege ambiri padziko lapansi amayambira maphunziro awo.

Ndege yoyamba yokhala ndi injini inauluka pa 17 Disembala 1903 m'dziko la America, ndipo anaipanga ndi abale awiri, Wilbur ndi Orville Wright. Ulendo woyambawo unangotenga masekondi 12. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, inachititsa kuti anyamata ambiri aphunzire kuyendetsa ndege. Nkhondo itatha, ena mwa anyamatawa anabwerera ku sukulu zawo za ukachenjede ali ndi luso limene sanafune kuti liwole. Iwo anayambitsa magulu a ophunzira okonda ndege, ndipo m'chaka cha 1920 anachita mpikisano wawo woyamba pa bwalo la Mitchel Field pafupi ndi mzinda wa New York. Ophunzira a ku Yale ndiwo anapambana. Mmodzi mwa iwo, Juan Trippe, anadzatsogolera kampani yotchuka ya Pan American.

Mipikisano imeneyi ikuchitikabe chaka ndi chaka pansi pa bungwe la National Intercollegiate Flying Association. Chochititsa chidwi n'chakuti opikisanawo sayesana liwiro. Pa bwalo amajambula mzere woyera, ndipo wopambana ndi amene wateretsa ndege yake pafupi kwambiri ndi mzerewo. Pena amachita zimenezi atachepetseratu mphamvu ya injini, ngati kuti yazima. Pa mpikisano wina ophunzira amapatsidwa mapu kuti akonze ulendo, aneneretu nthawi imene atenge ndi mafuta amene agwiritse ntchito. Akabwerako, oweruza amayerekeza zimene ananena ndi zimene zachitika. Palinso mayeso amene akuluakulu amaononga mwadala tinthu tina pa ndege yoimikidwa, wophunzira n'kuuzidwa kuti atipeze tonse m'mphindi zowerengeka. Cholinga cha zonsezi ndi kukhazikitsa mwa wachinyamata khalidwe la kusamala, pakuti akuluakulu anati kuongola mtengo n'poyamba.

Kuno kwathu, pamene dziko linkatchedwa Nyasaland, maulendo a ndege onyamula anthu anayamba m'chaka cha 1931. Mzungu wina wamalonda wa ku Blantyre, C. J. Christowitz, anagula kandege ka mtundu wa Puss Moth, kotenga anthu awiri okha kuonjezera pa woyendetsa, nayamba kuwanyamula kuchokera ku Blantyre. M'chaka cha 1933 kunabadwa kampani ya Rhodesia and Nyasaland Airways, imene posakhalitsa inatenga ntchito ya Christowitz. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri, boma la Britain linatsegula sukulu zambiri za oyendetsa ndege ku Southern Rhodesia kuyambira 1940, chifukwa kumeneko thambo limakhala loyera miyezi yambiri ndiponso kunali kutali ndi adani. Anyamata zikwizikwi ochokera kutsidya kwa nyanja anaphunzira kumeneko.

Nkhondo itatha, m'chaka cha 1946, maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anakhazikitsa kampani ya Central African Airways. Kampaniyi inkatumiza tindege ta mtundu wa Beaver ku mabwalo a fumbi a m'maboma akutali, titanyamula makalata, akuluakulu a boma ndi odwala. Kuyambira 1949 mpaka 1950, ndege zikuluzikulu zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Ku Luchenza, pakati pa minda ya tiyi ya ku Thyolo, kunakhazikitsidwa kalabu ya okonda ndege, kumene anthu ankaphunzira kuuluka ndi kuonetsa luso lawo pa masiku a zionetsero. Koma m'masiku a atsamunda mpando wa woyendetsa unali wa azungu. Ntchito ya Mwafirika inali kutchetcha udzu pa bwalo, kugumula zulu za chiswe, kuthira mafuta ndi kunyamula katundu. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dziko linafikira pa ufulu lilibe oyendetsa ndege akeake okwanira.

Chimene chinakokera ndege ku dera la Machinga, limene kale linkatchedwa Kasupe, ndi dzombe. Kuyambira 1930 mpaka 1944 dzombe lofiira linafalikira m'mayiko ambiri a kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Nyasaland, ndipo linkatha munda wathunthu m'tsiku limodzi. Akatswiri anapeza kuti dzombe limeneli limaswana m'madambo aakulu amene amadzala madzi m'dzinja n'kuuma m'chilimwe. M'chaka cha 1949 mayiko anagwirizana zokhazikitsa bungwe lolimbana ndi dzombeli, likulu lake ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia. Bungweli linakonzedwanso m'chaka cha 1970, ndipo likulu lake tsopano lili ku Ndola. Madambo ozungulira nyanja za Chilwa ndi Chiuta ali m'gulu la malo amene amayang'aniridwa chifukwa dzombe limaswanako.

Madambo amenewa ndi aakulu ndiponso a matope, kotero kuti galimoto silingalowemo ndipo munthu wapansi sangawamalize. N'chifukwa chake akatswiri amagwiritsa ntchito ndege zing'onozing'ono ndi mahelikopita. Woyendetsa amauluka m'munsi kwambiri, pamwamba pa udzu, kuti dzombe lidzidzimuke n'kuuluka, pamene mnzake akuyerekeza kuchuluka kwake. Likapezeka kuti launjikana, amabwerera kudzapopera mankhwala lisanapange gulu losamuka. Kuuluka kotere n'koopsa, pakuti pakachitika vuto pa injini woyendetsa alibe nthawi yoganiza kawiri. Mlimi wa mpunga wa kufupi ndi Nayuchi kapena wa chimanga ndi thonje ku Balaka mwina sadziwa dzina la woyendetsa ameneyo, koma nkhokwe yake imadalira dzanja la munthuyo.

Ufulu utabwera m'chaka cha 1964, kunabadwa kampani ya Air Malaŵi, imene poyamba inali nthambi ya Central African Airways mpaka inaima payokha m'chaka cha 1967. M'chaka cha 1976 asilikali a dziko lino anayambitsa nthambi yawo ya ndege mothandizidwa ndi dziko la West Germany, limene linapereka ndege za mtundu wa Dornier. Bwalo la nthambiyi lili ku Zomba, boma loyandikana ndi Machinga. M'chaka cha 1983 bwalo lalikulu la Kamuzu linatsegulidwa ku Lumbadzi, ndipo kumeneko kulinso sukulu yophunzitsa ogwira ntchito pa mabwalo, monga olondolera ndege ndi ozimitsa moto. Komabe ambiri mwa Amalaŵi oyendetsa ndege zonyamula anthu akhala akuphunzira kunja, makamaka ku South Africa. Air Malaŵi itatha m'chaka cha 2013, m'malo mwake munalowa kampani yatsopano imene boma linagwirizana ndi Ethiopian Airlines. M'chaka cha 2016 Yolanda Kaunda anakhala mayi woyamba wa ku Malaŵi kufika pa udindo wa kaputeni, ndipo m'chaka cha 2017 iye ndi Lusekelo Mwenifumbo anayendetsa ndege kuchokera ku Blantyre kupita ku Dar es Salaam pa ulendo umene ogwira ntchito onse m'ndegemo anali amayi.

Njira yofikira pa udindo wotere ndi yaitali. Wophunzira amayamba ndi kandege ka injini imodzi, mphunzitsi ali pambali pake. Amaphunzira za nyengo, malamulo a mumlengalenga, kawerengedwe ka mapu, kagwiridwe ntchito ka injini ndi kalankhulidwe ka pa wailesi, kamene kamachitika m'Chingerezi. Amanyamuka, kuzungulira bwalo ndi kutera, kubwerezabwereza mpaka manja atazolowera. Tsiku lina mphunzitsi amatsika namuuza kuti apite yekha, ndipo tsiku limenelo woyendetsa aliyense saliiwala. Malamulo a bungwe loona za ndege padziko lonse amafuna maola osachepera 40 a mumlengalenga kuti munthu alandire chiphaso choyamba, pafupifupi maola 200 kuti aloledwe kugwira ntchito yolipidwa, ndi maola 1,500 kuti akhale kaputeni wa ndege zikuluzikulu. Ola lililonse limalipiridwa, pakuti pamafunika mafuta, mphunzitsi ndi okonza ndege. Apa ndi pamene mwana wanzeru wa m'banja losauka amagwera mphwayi, ngakhale atakhoza bwino masamu ndi sayansi.

M'zaka zaposachedwapa, malo amene ndege zing'onozing'ono zaonekera kwambiri m'dera lino ndi nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde. M'nkhalangomu muli kabwalo kotererapo ndege za alendo odzaona nyama. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyi m'chaka cha 2015, ndege zinakhala chida chowerengera nyama ndi kulondera malire. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo m'chaka cha 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Pa ntchito imeneyi woyendetsa helikopita amakusa banja lonse la njovu kuti lifike poyera, dokotala wa nyama n'kuzilasa ndi mankhwala ogonetsa ali m'mwamba. Kuchepetsa njovu kunali kofunika kwa anthu a m'midzi ya Machinga ndi Balaka yozungulira nkhalangoyi, amene minda yawo inkaonongedwa ndipo ena anataya miyoyo.

Kutera pa bwalo la m'tchire kumafuna luso lomwe lija amayesana ophunzira a ku America. Woyendetsa amayamba wadutsa pamwamba pa bwalo kuti aone ngati pali nswala, njiri kapena madzi odikha. Amayang'ana nsalu yonga thumba yopachikidwa pa mtengo kuti adziwe kumene mphepo ikuchokera, popeza ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo. Kutentha kwa m'chigwa cha Shire m'mwezi wa Okutobala kumabweretsanso vuto lina. Mpweya wotentha umakhala wopepuka, motero mapiko sanyamula bwino ndipo injini imachepa mphamvu. Ndege imene inanyamuka mosavuta m'mawa ingafune mtunda wotalikirapo masana. Wodziwa ntchito amawerengera zimenezi asanakweze munthu kapena katundu, ndipo akaona kuti sizikutheka amadikira kuti kuzizire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuopsa kwa nyengo kunaonekera poyera pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa ulendo wochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Anthu onse asanu ndi anayi amene anali m'ndegemo anamwalira. Pakati pawo panali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi mayi Shanil Dzimbiri, amene anakhalapo phungu wa dera la kumadzulo kwa Balaka. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza ngoziyi anatchula za nyengo yoipa ndi kuuluka m'munsi pakati pa mitambo m'dera la mapiri. Maliro amenewa anakumbutsa mtundu wonse kuti chitetezo cha mumlengalenga chimadalira zinthu zambiri pamodzi: maphunziro a oyendetsa, zipangizo za pa mabwalo, kusamalira ndege ndi uthenga wolondola wa zanyengo.

Khomo latsopano latseguka kudzera m'tindege topanda munthu, timene ambiri amatitcha madroni. M'chaka cha 2017 boma ndi bungwe la UNICEF anapatula dera la ku Kasungu kuti likhale loyeserako tindegeti pa ntchito zothandiza anthu, monga kunyamula mankhwala ndi kujambula malo osefukira madzi. Mu Januwale 2020 kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe, mogwirizana ndi sukulu za ukachenjede za Virginia Tech ya ku America ndi MUST ya ku Thyolo. Ophunzira ake amapanga okha tindegeto, kutiulutsa ndi kutanthauzira zithunzi zimene tajambula. Mtengo wa maphunziro otere ndi wotsika poyerekeza ndi wa ndege yeniyeni, koma khalidwe lofunika ndi lomwelo: kufufuza chombo chisananyamuke, kuwerenga mphepo ndi kulemekeza malamulo.

Balaka, amene anakhala boma payekha m'chaka cha 1998 atagawidwa kuchokera ku Machinga, anakula chifukwa cha njanji, ndipo mphambano ya ku Nkaya imalumikiza dziko lino ndi doko la Nacala. Maboma awiriwa ali ndi zigwa zotakasuka ndi miyezi yambiri ya thambo loyera, zomwe zija zinakokera sukulu za ndege ku Southern Rhodesia m'chaka cha 1940. Alinso ndi ntchito zofuna oyendetsa: dzombe la ku Chilwa ndi Chiuta, nyama za ku Liwonde, ndi madzi osefukira monga a namondwe Freddy wa mu 2023, pamene dziko linathandizidwa ndi mahelikopita ochokera ku Tanzania ndi Zambia. Chimene chikusowa ndi kabwalo kokhala ndi kandege kophunzitsira, mphunzitsi wokhazikika ndi thumba lolipirira ana osauka. Zimenezi zikadzapezeka, mwana wa ku Ntaja uja adzakhala ndi malo oyambira, ndipo dzombe likadzaswananso ku Chiuta adzalipopera ndi mwana wa komweko.