Za Miyeso ya Fayilo

Aliyense amene anagulapo memori khadi pa msika wa Namitete, m'mbali mwa msewu wopita ku Mchinji, naipereka kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu, adziwa dandaulo limene limabuka pamene khadi yolembedwa 32 GB ionetsa 29.8 yokha pa kompyuta. Ndipo ambiri, poiwala kuti safunsa anadya phula, amafulumira kumutcha wogulitsayo wakuba. Makhadi achinyengo alipodi, koma pano mlandu suli pa iye. Opanga makhadi amati gigabaiti ndi mabaiti 1,000,000,000, pamene Windows imachulukitsa 1,024 katatu, nipeza 1,073,741,824. Bungwe la IEC linayesa kuthetsa chisokonezochi mu 1998 popatsa muyeso wachiwiriwo maina akeake, kibibyte, mebibyte ndi gibibyte, koma anthu, monga mwa khalidwe lawo, sanalabadire.

Nkhani imakula ikafika kwa amisiri oyesa liwiro la disiki, pakuti iwo ayenera kusiyanitsa kukula kwa fayilo ndi malo amene fayiloyo yatenga, zinthu ziwiri zimene munthu wamba amaziyesa chimodzi. Disiki siisunga mabaiti mwachisawawa. Imagawidwa m'timagawo totchedwa block kapena cluster, ndipo pa ext4 ya Linux ndi NTFS ya Windows kagawo kamodzi kawirikawiri kamakhala mabaiti 4,096. Monga mlimi amene walamulidwa kuti mbewu iliyonse ikhale m'thumba lakelake amatha thumba lonse chifukwa cha mtedza wodzaza dzanja limodzi, momwemonso pa ext4 fayilo ya mabaiti 10 imadya kagawo kathunthu. Kotero kuti pulogalamu yoyesa ikalenga timafayilo 1,000 totere, zolembedwamo n'zochepa, mabaiti 10,000, koma malo otayika apitirira mabaiti 4,000,000.

Palinso chimene chimadzidzimutsa wophunzira amene wayamba kumene kugwiritsa Bonnie++, pulogalamu yoyesa disiki ya Russell Coker. Wophunzirayo akaona kuti kompyuta ya RAM ya 8 GB yadzilembera zinthu zokwana 16 GB popanda kuuzidwa, amaganiza kuti chinachake chawonongeka, pamene pulogalamuyo yachita dala: ikadalemba zochepa, zonse zikadakhala mu RAM, m'malo osungira mwa kanthawi otchedwa cache, ndipo liwiro lopezekalo likadakhala umboni wonama, wotamanda disiki pa ntchito imene siinagwire. Ine ndiyesa nzeru imeneyi yoposa zonse m'ntchito yoyesayi.

Chodabwitsa chotsiriza ndi fayilo ya mabowo, imene amisiri amati sparse. Pulogalamu imatha kulengeza fayilo ya magigabaiti ambiri osalembamo kanthu, disiki nisunga chikumbutso chokha chakuti malowo ndi opanda kanthu. Ndipo pa Linux lamulo la ls lidzanena kukula kolengezedwako, pamene du, powerenga timagawo togwiritsidwadi ntchito, lidzanena pafupifupi ziro.