Mbiri ya Malamulo Aakulu a Dziko Lathu

Lamulo loposa onse

Ana athu ku sekondale amaphunzira za malamulo aakulu oyendetsera dziko, amene ena amati Konsitityushoni. Nafenso tiyenera kuwadziwa. Ambirife mbiri yake tinaiona ndi maso.

Malamulo amenewa amanena mmene boma liyenera kukhalira. Amanena pamene mphamvu za mtsogoleri zalekezera. Amatetezanso ufulu wa munthu wamba. Gawo 5 limati lamulo lililonse lotsutsana nawo ndi lopanda mphamvu. Gawo 12 limati mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo atsogoleri amangosungitsidwa.

Nthambi zitatu

M'chaka cha 1748, munthu wina wa ku France, dzina lake Montesquieu, analemba kuti mphamvu zonse zikakhala m'manja mwa munthu mmodzi, ufulu umatha. Anati mphamvu zigawidwe patatu. Aphungu apange malamulo. Mtsogoleri ndi nduna zake ayendetse boma. Makhoti aweruze milandu. Zili ngati mafuwa atatu: limodzi likachoka, mphika umagwa.

Nthawi ya chipani chimodzi

Dziko la Malawi linalandira ufulu wodzilamulira pa 6 July 1964. Pa 6 July 1966 kunabwera malamulo atsopano, ndipo analola chipani chimodzi chokha, cha Malawi Congress Party. Mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda anakhala mtsogoleri wamuyaya.

Amene analipo akukumbukira. Popanda khadi la chipani sunkalowa mumsika, ngakhale basi sunkakwera. Munthu ankatha kutsekeredwa kundende ya Mikuyu zaka zambiri osaonekera kukhoti. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kutuluka mu 1991, mlandu wake osazengedwa. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anaweruzidwa kukhoti la mafumu, kumene woimira anthu pamilandu sankaloledwa. Mu 1983 anawalamula kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa, koma Orton anamwalira m'ndende ya Zomba mu October 1992.

Malamulo analipo ndithu nthawi imeneyo. Vuto linali lakuti sankamanga manja a wolamulira. Ankamanga wolamulidwa yekha.

Kalata ndi nyali

Pa 8 March 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inadzudzula umphawi, kupondereza anthu ndi kutseka anthu pakamwa. Pa 6 April chaka chomwecho Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, chifukwa chofuna zipani zambiri. Mu May ogwira ntchito ku Blantyre ananyanyala, ndipo anthu ena anaphedwa.

Pa 14 June 1993 kunachitika riferendamu. Wofuna chipani chimodzi ankasankha tambala wakuda. Wofuna zipani zambiri ankasankha nyali. Anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse anasankha nyali. Kamuzu anavomereza zotsatirazo, ndipo apa tiyenera kunena chilungamo: anachita bwino.

Malamulo a 1994

Chisankho cha zipani zambiri chinachitika pa 17 May 1994, ndipo Bakili Muluzi anapambana. Tsiku lotsatira malamulo atsopano anayamba kugwira ntchito mongoyembekezera. Anakhazikika mu May 1995. Sanalolenso utsogoleri wamuyaya. Anati mtsogoleri alamulire zaka zisanu, ndipo asapitirire maulendo awiri otsatizana.

Si zonse zimene zinasungidwa. Gawo 64 linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu amene sakuwatumikira. Aphungu analichotsa mu 1995. Chimenechi chinali chotayika chachikulu kwa ovota, ndipo mpaka lero anthu akulirabe kuti libwerere.

Malamulo ayesedwa

Mu July 2002 kunabwera bilu yoti mtsogoleri aziimira kangapo konse kamene angafune. Kuti malamulo aakulu asinthidwe pankafunika aphungu awiri mwa atatu alionse. Mavoti atatu okha anaperewera, ndipo biluyo inagwa.

Pa 5 April 2012 mtsogoleri Bingu wa Mutharika anamwalira. Wachiwiri wake, Joyce Banda, anali atachotsedwa kale m'chipani cholamula, ndipo ena sankafuna kuti alowe m'malo. Koma malamulo anali omveka. Pa 7 April analumbiritsidwa.

Chiyeso chachikulu chinabwera pambuyo pa chisankho cha May 2019. Mapepala ambiri a zotsatira anali ofufutidwa ndi tipeksi. Saulos Chilima ndi Lazarus Chakwera, amene anapikisana nawo pachisankhocho, anakadandaula kukhoti. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anawerenga chigamulo chawo kuyambira m'mawa mpaka usiku. Anthu anakhala pa wailesi tsiku lonse, m'misika, m'maminibasi ndi m'makhonde. Khoti linafafaniza chisankho cha mtsogoleri. Linatinso wopambana azipeza mavoti oposa theka. Chisankho chinabwerezedwa pa 23 June 2020, ndipo Chakwera anapambana.

Zimene zikukukhudzani inu

Musaganize kuti malamulo amenewa ndi a andale okha. Mutu 4 wonse ukunena za ufulu wanu. Apolisi akakugwirani, ayenera kukuuzani chifukwa chake m'chilankhulo chimene mumamva. Muli ndi ufulu wokhala chete. Ayenera kukufikitsani kukhoti pasanathe maola 48, pokhapokha ngati nthawiyo yathera tsiku limene khoti silikugwira ntchito. Belo ya kupolisi ndi yaulere.

Mu February 2017 aphungu anasinthanso malamulowa pofuna kuteteza ana. Kale mwana wa zaka 15 ankatha kukwatiwa makolo akavomera. Tsopano aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo palibe kholo, mwinimbumba kapena mfumu imene ingamulowetse m'banja.