Kuchokera pa Goli Kufika pa Ngongole

Msewu wochoka ku Lilongwe kulowera ku Mchinji umadutsa pa Chitedze ndi pa Namitete, nukatulukira ku Chipata m'dziko la Zambia. Ambiri timaudziwa monga msewu wa fodya ndi mtedza. Koma kwa zaka zambiri misewu yotere yakhala ikunyamulanso ana ochotsedwa m'midzi: anyamata kupita kuminda, asungwana kupita kumabala ndi kunyumba zogona alendo.

Malonda a anthu si achilendo kwa ife a kunyanja. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota. Anthu ogwidwa kumtunda ankaolotsedwa nyanja m'zombo za matanga, nayenda m'magoli mpaka ku Kilwa. Tisabise mawu: ambiri mwa ochita malondawo anali Asilamu. Ntchitoyo inkafuna anthu atatu, wogwira, wonyamula ndi wogula. Atsamunda adaithetsa ndi mfuti, ndipo Mlozi adanyongedwa ku Karonga mu 1895.

Goli lidatha, koma anthu atatu aja sadathe. M'zaka za m'ma 1920, A.F. Barron ndi R.W. Wallace adafalitsa ulimi wa fodya m'chigwa cha Lilongwe. Kuyambira pamenepo mlimi adazolowera kugwira ndalama zambiri kamodzi pachaka, njala n'kumupeza miyezi yotsalayo. Kumene ndalama za fodya zimathera kudamera mabala, ndipo likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ogula adachuluka.

Wogwira wa masiku ano sabwera ndi mfuti. Kawirikawiri ndi munthu wodziwika pamudzi, mwinanso wachibale, amene amafika nthawi ya njala nalonjeza makolo kuti mwana akagwira ntchito ya m'nyumba kapena yogulitsa m'sitolo. Mwanayo akafika m'tauni amauzidwa kuti ndalama ya ulendo, chipinda, chakudya ndi zovala zonse ndi ngongole, ndipo adzaibweza pogona ndi amuna obwera kudzamwa. Ngongoleyo simatha, pakuti woiwerengera ndi mwini bala yemweyo. Manyazi nawo amamutsekera njira yobwerera kwawo.

Mu 2003, bungwe la IOM loona za anthu osamuka lidatulutsa lipoti losonyeza kuti asungwana a ku Malawi ankatengedwa m'magalimoto a katundu kupita ku South Africa, ena ankawulutsidwa kupita ku Ulaya, ndipo ana a m'mphepete mwa nyanja yathu ankanyengedwa ndi alendo ena odzaona malo. Komabe lamulo lolunjika pa mlanduwu lidadza mu 2015. Wozembetsa munthu wamkulu angathe kukhala m'ndende zaka 14, wozembetsa mwana zaka 21. Mu 2022, bungwe la UNODC pamodzi ndi apolisi lidaulula gulu la ozembetsa anthu pa msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, ndipo anthu oposa 90 adapulumutsidwa, ena mwa iwo asungwana ogwiritsidwa ntchito ya uhule.

Qur'an yolemekezeka, m'Surat An-Nur ndime 33, idaletsa kukakamiza adzakazi kuchita uhule pofuna phindu la m'dziko, ndipo mlandu idauika pa wokakamiza, osati pa wokakamizidwa. Ife nthawi zambiri timatembenuza chiweruzo chimenechi: mwana wobwerera timamunyoza, amene adamutenga timamuyalira mphasa.

Choncho munthu akadza kudzapempha mwana wanu wamkazi, kaya ku Nsaru kaya ku Makanjira, mufunseni dzina la bwana, malo a ntchito ndi malipiro ake. Dziwitsani amfumu, ndipo wachibale wamkulu amuperekeze mwanayo mpaka akaone pogona pake. Wokana mafunso amenewa asachoke ndi mwana. Ndipo amene adapita kale akabwerera, mumulandire pakhomo ndi kumadrasa, kenako mukanene kupolisi dzina la amene adamutenga.