Maisotopi a Mipweya ya Noble m'Miyala Yogwa Kuchokera Kuthambo

Mipweya ya noble ndi helium, neon, argon, krypton, xenon ndi radon. Mipweyayi siphatikana wamba ndi zinthu zina, choncho ikatsekeredwa m'mwala imasunga mbiri ya mwalawo. Mpweya uliwonse uli ndi maisotopi, omwe ndi maatomu a mtundu umodzi koma osiyana kulemera. Pofufuza, asayansi amatenthetsa kachidutswa ka mwala n'kuyeza mpweya wotulukamo ndi makina otchedwa mass spectrometer.

Mu 1960, John Reynolds wa ku Berkeley anapeza xenon-129 wochuluka modabwitsa m'mwala wa Richardton umene unagwa ku North Dakota. Xenon ameneyu anachokera ku iodine-129, amene theka lake limasanduka xenon pa zaka pafupifupi 16 miliyoni. Zimenezi zinasonyeza kuti mwalawo unaumbika kalekale, iodine-129 asanatheretu. Mu 1983, Donald Bogard ndi Pratt Johnson anapeza kuti mpweya wa m'mwala wa EETA 79001, wotoledwa ku Antarctica, ukufanana ndi umene zombo za m'mlengalenga zotchedwa Viking zinayeza ku Mars mu 1976.

Pansi pano, argon-40 wochokera ku potassium-40 amathandiza kudziwa zaka za miyala yotuluka m'mapiri ophulika.