Mbiri Imene Wogula Nyumba Yakale ya Lendi Ayenera Kuidziwa

Munthu akapuma pantchito n'kulandira ndalama zake za penshoni, kapena amene ali ku Johannesburg akasonkhanitsa kangachepe, ganizo limene limabwera msanga ndi logula nyumba m'tauni kuti aikemo alendi. Kawirikawiri imene amaipeza imakhala yakale: zipinda zogona ziwiri kapena zitatu ku Nkolokosa, Kanjedza kapena Chitawira ku Blantyre, mwina ku Area 18 kapena Area 15 ku Lilongwe, malata atachita dzimbiri, mtengo wa mango uli kuseri. Amaizungulira, kugogoda makoma, kufunsa lendi imene oyandikana nayo akulandira, basi n'kulipira. Kuyeza nyumba motere n'koperewera. Phindu la nyumba yakale m'mizinda yathu linaikidwa kalekale ndi anthu amene anasankha malowo, kuyala mapaipi ndi kulemba chikalata cha pulotiyo, ndipo amene sakudziwa mbiri imeneyi sangadziwe chimene akugula.

Blantyre anayamba ngati mishoni mu 1876, ndipo nyumba ya Mandala, imene ilipobe mpaka lero, inamangidwa mu 1882. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka zikalata zovomereza kuti malo aakulu amene amishoni, makampani ndi azungu a maesiteti ankati anagula kwa mafumu ndi awodi mpaka kalekale. Tauni inakula pa malo oterewa. Munthu wakuda ankaonedwa ngati mlendo wobwera kudzagwira ntchito masana n'kubwerera madzulo, choncho kwa zaka zambiri palibe amene anaganiza zomumangira nyumba yokhazikika. Antchito ankalawirira wapansi kuchokera ku Ndirande ndi midzi ina yozungulira, ena n'kumagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya bwana. Kumayadi, monga ku Sunnyside ndi ku Mandala, mapuloti anali aakulu, misewu yolambulidwa bwino, madzi a m'mipope akufika pakhomo. Boma la atsamunda linadzayamba kumangira anthu akuda nyumba zochulukirapo cha ku Soche m'zaka za m'ma 1950, nthawi yomweyo imene Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa mu 1956. Ufulu unapeza mzinda wogawikana kale, ndipo magawo amenewo ndiwo akuuzabe alendi ndalama zoti alipire.

Nyumba zambiri zimene lero timazitcha zakale ndi za m'nyengo yotsatira. Bungwe la Malawi Housing Corporation linayamba ntchito mu 1964, chaka chomwecho chimene New Building Society inakhazikitsidwa kuti izibwereketsa ndalama zomangira ndi kugulira nyumba. Boma latsopano linkafuna pogona pa akalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi ena ogwira ntchito zake, ndipo nyumba za Hauzingi zinamera m'mizere, pulani yake imodzimodzi, iliyonse ndi kabwalo kake kutsogolo ndi kadimba kuseri. Ku Lilongwe ntchito yofanana nayo inagwiridwa ndi Capital City Development Corporation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1968 kuti limange likulu latsopano, lomwe linalowa m'malo mwa Zomba mu 1975. Chofunika kuchigwira apa ndi kachitidwe kake: ankayamba ayeza malo, kuzika zizindikiro za malire, kulambula msewu, kukumba ngalande, kuyala mapaipi a madzi ndipo m'madera ena a suweji omwe, kenako n'kumanga. Kwa amene sakanatha kulipira nyumba zotere kunali madera ena, monga Zingwangwa, Bangwe, Kawale ndi Area 25, kumene munthu ankapatsidwa puloti yoyezedwa kuti amange yekha ndi zimene angakwanitse, ngakhale zidina. Nyumba ziwiri zikhoza kukhala za chaka chimodzi, zooneka zofanana utoto utapakidwa, koma ina ili pa maziko amene anayang'aniridwa ndi akatswiri, inzake ili pa maziko amene mwini wake anakumba Loweruka ndi abale ake. Funso loyamba kwa wogulitsa liyenera kukhala lakuti anamanga nyumbayi ndani.

Kamangidwe kadongosolo kameneka sikanapitirire. Bungwe lomanga likulu lija linathetsedwa mu 1984, madera omanga wekha anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda mu 1992, ndipo chuma chitayamba kuvuta boma linachepetsa kwambiri kumanga. Nyumba zina za boma ndi za Hauzingi zinagulitsidwa kwa amene ankakhalamo, n'chifukwa chake lero zikupezeka pamsika. Anthu okha sanasiye kubwera. Kalembera wa mu 1966 anapeza anthu pafupifupi 19,000 ku Lilongwe ndi 109,000 ku Blantyre. Wa mu 2018 anapeza pafupifupi 990,000 ku Lilongwe ndi 800,000 ku Blantyre. Ambiri mwa obwerawa anakakhala pa malo osayezedwa, ogulidwa kwa mafumu a m'tauni, kumene msewu umatsatira nyumba m'malo moti nyumba zitsatire msewu. Motero chosowa m'mizinda yathu ndi puloti yoyezedwa, ya malire odziwika, ya mpope ndi magetsi, yapafupi ndi kuntchito. Njerwa aliyense akhoza kugula. Mlendi amene amagwira ntchito ku chipatala cha Queen Elizabeth kapena ku Ginnery Corner amawerengera ndalama za minibasi za mwezi wonse asanavomere lendi, ndipo nyumba ya ku Chitawira imamupulumutsa ku ndalama zimenezo. Wa ku Capital Hill amachita masamu omwewo akaona nyumba ya ku Area 18. Ichi ndicho chifukwa nyumba zotere sizikhalitsa zopanda munthu, pomwe yatsopano ya matailosi onyezimira kumalire a mzinda ikhoza kutha miyezi chikwangwani chili pageti.

Wina anena kuti zonsezi n'zoona, koma nyumba ya zaka 50 imadya ndalama, ndipo lendi yonse idzathera amisiri. Mawuwa ndi olemera, ndipo amene walowapo m'denga la nyumba zimenezi sangawapepule. Mukatsegula kachitseko ka m'silingi n'kuwalitsa tochi, mumaona timizere ta dothi lofiira tikukwera m'matabwa, ndipo thabwa looneka lamphumphu limabooka ndi chala chifukwa chiswe chinadya m'kati n'kusiya khungu lokha. Mapaipi achitsulo a nthawi imeneyo amamera dzimbiri m'kati mpaka madzi amatuluka ofiirira, ongodontha. Mawaya a magetsi anaikidwa poganizira mababu ochepa, wailesi ndi simbi, osati kuka, firiji ndi giza zoyaka nthawi imodzi. Nyumba zina zinafoleredwa ndi asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo akamadulidwa kapena kuphwanyidwa mwachisawawa. Ngakhale mapaipi a mumsewu anakalamba: mu July 2017 anthu ena a ku Area 18 anatunga m'mipope yawo madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji, nkhani imene inakafika mpaka kukhoti. Komabe zilema zonsezi, kupatula za mumsewuzo, zimaoneka ndi maso ndipo zimawerengeka. Mmisiri wodziwa ntchito akhoza kulemba mtengo wa denga latsopano, mapaipi ndi mawaya tsiku limodzi, wogula n'kuuchotsera pa mtengo wa nyumba asanapereke kalikonse. Choopsa chenicheni ndi mng'alu wopendekera umene umayambira pakona pa windo kutsikira ku maziko, kapena chinyontho chimene chimakwera khoma kuchokera pansi n'kumasenda pulasitala, pakuti izi zimanena za nthaka ndi njira ya madzi, zinthu zimene utoto sungakonze. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anaonetsa momvetsa chisoni ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche kuti malo amene nyumba yakhala ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Nyumba yakale ili ndi mwayi umodzi umene yatsopano ilibe: yaona mvula za zaka zambiri, ndipo oyandikana nayo akhoza kukuuzani kumene madzi amadutsa. N'chifukwa chake ndi bwino kukaiona mu January kapena February, pamene denga ndi ngalande sizingabise kanthu.

Kumene anthu ambiri amagwera ndi ku mapepala, ndipo kumenekonso mbiri ndiyo ikulamula. Mapuloti ambiri a m'madera oyezedwa ali pa lizi, kawirikawiri ya zaka 99, yochokera ku boma, ku Hauzingi kapena ku khonsolo. Lizi imene inayamba mu 1970 idzatha mu 2069, choncho wogula lero akutenga zaka zotsalazo pamodzi ndi malamulo onse olembedwa m'chikalatacho, kuphatikizapo msonkho wa malo wa chaka ndi chaka. Ngongole ya msonkhowu, ya msonkho wa kukhonsolo ndi mabilu akale a madzi zimadikira pakhomo pomwepo, ndipo kusintha dzina pa chikalata kumafuna chilolezo cha mwini malo. Palinso china chachikulu. Amene anapatsidwa kapena kugula nyumbazi poyamba ambiri anatisiya, ndipo ochuluka sanalembe wilo. Nyumba yakale imene ikugulitsidwa lero nthawi zambiri imakhala chuma chamasiye. Wobwera ndi makiyi akhoza kukhala mwana mmodzi mwa asanu ndi awiri, kapena malume amene anangolowa maliro atatha, mayi wamasiye ali kumudzi osadziwa kanthu. Lamulo la chuma chamasiye la mu 2011 linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Wogula amene sanaone chikalata cha kukhoti chopatsa wogulitsayo mphamvu yoyendetsa chumacho, amenenso sanapite ku ofesi yolembetsa malo kukafufuza dzina lenileni ndi kuona ngati nyumbayo si chikole cha ngongole ya kubanki, akhoza kukonza denga, kuika alendi, kenako n'kulandira chiletso cha kukhoti. Madobadoba amafulumizitsa, amati pali wina akubwera ndi ndalama mawa. Kufulumira kumeneko kumapindulira iwo okha, chifukwa komishoni yawo amalandira tsiku logulitsa, pomwe mlandu umatsalira wogula, ndipo pambali pa ndalama zake pamakhala ana amasiye amene alandidwa pogona.

Mtsutso wachiwiri ndi wa masamu, ndipo mbali yake ina ndiyolondola. Tingoyerekeza nyumba ya K60 miliyoni imene lendi yake ndi K300,000 pamwezi. Pachaka ndi K3.6 miliyoni, kutanthauza K6 pa K100 iliyonse, tisanachotse misonkho, zokonzetsera ndi miyezi imene mlendi wadumphitsa. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti, ndipo mabanki ankabwereketsa pamwamba pa chimenecho kapena pafupi nacho. Apa palibe chobisika: wogula nyumba ya lendi ndi ngongole ya kubanki adzakhala akuonjezera za m'thumba mwezi uliwonse, ndipo ndi bwino asayambe n'komwe. New Building Society ija, imene inakhazikitsidwira ngongole za nyumba, inasanduka NBS Bank mu 2004 n'kumachita ntchito zonse za banki wamba. Koma amene ali ndi ndalama zakezake amayang'ananso mbiri ya kwacha. Ndalamayi inagwetsedwa mphamvu kwambiri mu 2012, inagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Ulendo uliwonse simenti, malata ndi zitsulo zinakwera, kumanga nyumba yatsopano kunadula, ndipo imene inaima kale inakwera nawo mtengo. Lendi imatsalira m'mbuyo chifukwa malipiro a alendi sakwera msanga, choncho nyumba yotere imasunga chuma kuposa mmene imabalira ndalama za mwezi ndi mwezi. Woyembekezera kulemera ndi lendi ya nyumba imodzi adzakhumudwa, koma wofuna kuti thukuta lake la zaka 30 lisasungunuke ali ndi chifukwa chomveka.

Kutsalira kwa lendiku ndiko kumabweretsa chiyeso chimene chawononga madera ambiri akale. Mwini nyumba akaona kuti ndalama zikuchepa, amadula mtengo wa mango uja, n'kumanga boyizikota pamene panali dimba, kenako ina, kenako kagolosale kumpanda, mpaka puloti imene inayezedwera banja limodzi ikhala ndi mabanja anayi. Amati malo ndi anga, ndipo anthu akusowa pogona. Kusowa pogonako n'koona, ndipo kanyumba kamodzi ka kuseri, kovomerezedwa ndi khonsolo, kamathandiza mbali zonse. Koma paipi ya suweji, mita ya madzi ndi ngalande zinaikidwa poyeza banja limodzi. Zikalemedwa zimaphulika, madzi a mvula amasowa polowa pansi n'kuthamangira kwa oyandikana nawo, mikangano ya mayunitsi a magetsi imayamba, ndipo mlendi wokhazikika amene ankalipira pa nthawi yake amasamuka. Mwiniyo amakhala wagulitsa chinthu chokhacho chimene chinapatsa nyumbayo mtengo, ndicho dongosolo limene linaikidwa ndi ndalama za anthu onse m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, limene mizinda yathu sinathe kulibwereza pa mlingo womwewo.

Inu amene mukuganiza zogula nyumba ya ku Kanjedza kapena ku Area 15, yambirani ku ofesi yolembetsa malo ndi kukhonsolo, kumanani ndi onse a m'banja logulitsalo, tengani mmisiri wanuwanu akwere m'denga nthawi ya dzinja, ndipo musakongole kubanki kuti mugule. Mukaigula, konzani denga, mapaipi ndi mawaya mlendi asanalowe, ndipo bwalo la kuseri mulisiye.